Zimene mbiri ya malemu idasiya pa maliro a Agogo

Aliyense amene adakhalapo pa maliro a kumudzi akuidziwa mbiri ya malemu. Amaimirira ndi atsibweni, kapena mwana wa m'banjamo wodziwa kuwerenga bwino, kapepala kali m'manja, mawu akunjenjemera. Malemuwa adabadwa chaka chakuti, adabatizidwa mumpingo wakuti, adakwatiwa ndi bambo uje, Mulungu adawapatsa mphatso ya ana angapo, amoyo ndi awa, zidzukulu ndi izi. Adayamba kudwala mwezi wakuti, tidathamangira nawo kuchipatala, koma zidakanika. Basi. Akakhala bambo wa pantchito amawonjezerapo maofesi onse amene adagwirako, ngakhale kumene adangokhalako miyezi itatu. Akakhala mayi wa kumudzi, mbiri yake imayambira pa kukwatiwa n'kuthera pa kubereka.

Mwezi watha tidaperekeza kumanda agogo anga, akulu awo a agogo amene adabereka mayi anga, m'mudzi wina wa m'mapiri a kumalire a Dowa ndi Ntchisi. Mbiri yawo sidakwane mphindi zitatu. Bodza silidanenedwe ayi, koma munthu amene ankafotokozedwa papepalapo ine sindidamuzindikire. Mayi amene adakwera sitima yekha kupita ku Rhodesia osadziwa kuwerenga ngakhale dzina la siteshoni, amene adatsogolera amayi anzake kutsika mapiri kukasaka chakudya m'chaka cha njala, amene ali ndi zaka za m'ma 70 ankakwera matola kukacheza ndi anzake a ku Burundi ku Dzaleka, adangosanduka "mayi wa ana asanu ndi awiri, wofatsa, wokonda mapemphero". Mapempherowo n'zoona. Koma kufatsako ndiye ayi. Akadamva akadadzuka m'bokosimo kuti akonze mawuwo.

Abale andipempha kuti ndisalembe dzina lawo ngakhale la mudzi, chifukwa cha nkhani ina yomwe sidathe kumeneko. Ndizingoti Agogo, monga mudzi wonse unkawatchulira, ngakhale anthu a imvi.

Chaka chomwe adabadwa sankachidziwa. Pa chiphaso cha unzika chomwe adalembetsa mu 2017 pali chaka chongoyerekeza. Iwo ankawerenga zaka zawo ndi njala: pa njala ya 1949 akuti adali kamtsikana kotha kale kusenza mtsuko kuchokera kudambo osataya madzi. Tikatero ndiye kuti atisiya atadutsa zaka 85.

Ulendo umene udawapatsa dzina m'mapirimo adauyenda mu 1958. Amuna awo adali atapita ku Southern Rhodesia, Zimbabwe ya lero, monga ankachitira amuna ambiri a m'chigawo chapakati nthawi imeneyo. Ena ankatengedwa ndi Mthandizi kupita kumafamu ndi kumigodi ya ku Rhodesia, ena ndi Wenela kupita ku Joni, ena ankangodziyendera okha. Chaka choyamba makalata ankabwera, nthawi zina ndi kandalama ndi bulangete. Kenako zii. Mwamuna wotere ankatchedwa mtchona, ndipo mkazi wake adali ndi njira ziwiri: kudikira mpaka imvi, kapena kupita kwa ankhoswe kuti ammasule. Agogo adapeza njira yachitatu yomwe palibe adaiganizira. Adagulitsa mtedza ndi mbuzi, ana awo awiri adawasiyira mng'ono wawo, n'kutsika phiri wapansi kulowera ku Salima.

Kwa ife amene timaona njanji ya ku Salima ili phee, n'zovuta kukhulupirira kuti pamenepo mpamene dziko lakunja linkayambira. Njanji idafika ku Salima mu 1935, chaka chomwenso mlatho waukulu wa pa Zambezi, pakati pa Dona Ana ndi Sena, udatsegulidwa. Munthu ankakwera ku Salima, kudutsa Limbe, kutsikira ku Port Herald yomwe lero ndi Nsanje, kuwoloka Zambezi, kukasintha sitima ku Dondo kufupi ndi Beira, kenako kukwera mapiri kupita ku Umtali mpaka ku Salisbury, kumene iwo ankati ku Halale. Agogo adayenda njira yonseyi ali ndi envulopu yakale ya kalata ya amuna awo atamanga pa nsonga ya chitenje. Akafika posokoneza ankangoitulutsa n'kuonetsa aliyense amene amumva akuyankhula Chinyanja. Ankati pa mlatho wa Zambezi adatsinzina kuyambira tsidya lino mpaka tsidya linalo, ndipo atatsegula maso adapsa mtima kuti alipira ndalama zonsezo koma mtsinjewo sadauone. Pobwerera adakhala pawindo dala.

Amuna awo adawapeza ku Highfield, ali ndi mkazi wina ndi mwana wa kumanja. Mbali imeneyi Agogo ankaifotokoza mwachidule kwambiri, ngati nkhani ya munthu wina. "Ndidaona kuti ali moyo, akudya, ndiye ndikadatani? Ndidapita kukafuna yankho, ndidalipeza." Chimene ankakonda kukamba ndi zimene zidatsatira. Sadabwerere msanga. Adakhala kwa banja lina la kwathu konkuno, akuchapa zovala za eni, madzulo akuphunzira kusoka kwa mayi wina wa ku Nkhata Bay. Mu Malichi 1959, boma la atsamunda litalengeza za chipwirikiti ku Nyasaland, Dr Kamuzu Banda adamangidwa n'kukatsekeredwa ku Gwelo, m'dziko lomwelo la Southern Rhodesia. Adatulutsidwa mu Epulo 1960, chaka chomwenso Agogo adabwerera kumudzi. Nthabwala yawo ya moyo wonse idachokera pamenepo. "Ine ndi Kamuzu tidabwera chaka chimodzi kuchokera kumodzi. Iye adamlandira ndi magule, ine adandilandira ndi miseche."

Misecheyo idali ndi dzina lake. M'Chichewa chathuchi, mwamuna akayenda maiko timati ndi munthu woyenda, wodziwa zinthu, ndipo pabwalo amapatsidwa mpando. Mkazi akayenda timati ndi woyendayenda, ndipo nonse mukudziwa chomwe mawu amenewa amatanthauza. Chilankhulo chathu chilibe mawu abwino otchulira mkazi wokonda ulendo. Agogo adasenza dzina limeneli zaka zambiri, ndipo amayi ena ankaletsa ana awo aakazi kupita kunyumba kwawo kuti angaphunzire kuyenda.

Koma ana aakaziwo ankapitabe, chifukwa kunyumba kumeneko kudali chinthu chomwe kwina kulikonse kudalibe: makina osokera a pamanja a Singer, omwe Agogo adabwera nawo atawakulunga m'bulangete, n'kuwasenza pamutu kukwera nawo phiri kuchokera kumsewu. Makina amenewa adasoka mayunifolomu a sukulu a mibadwo itatu, madiresi a ukwati, zigamba za pa matako a akabudula athu, ndi mabulauzi oyera a amayi a Chigwirizano. Amene alibe ndalama ankalipira ndi nyemba, dzungu, kapena tsiku limodzi lopalira m'munda. Amasiye sankalipira, ndipo ukafunsa chifukwa ankakukalipira.

Chinanso chimene adabwera nacho sichinkaoneka ndi maso. Ku Halale adaona momwe anthu a ku Nyasaland ankasonkherana ndalama mwezi ndi mwezi m'mabungwe a maliro, kuti munthu akafera kuchilendo asaikidwe ngati galu. Atabwerera adasonkhanitsa amayi pansi pa mtengo wa mkuyu n'kuwauza kuti aliyense aziponya kangachepe akakolola. Ndalama zoyamba adagulira mapoto akuluakulu awiri a mudzi, oti aziphikira pa zovuta zilizonse, kaya kwa wolemera kaya kwa wosauka. Izi zidachitika zaka zambiri mabungwe asanabwere ndi banki mkhonde, mabuku ake ndi bokosi la maloko atatu. Banki mkhonde itafika iwo adalowa nawo, koma ankanena poyera kuti alangiziwo akuwaphunzitsa kuyenda anthu omwe adafika kale. Mapoto aja adasinthidwa kangapo, koma mwambo wake ulipobe. Nsima ya pa maliro awo idaphikidwa m'mapoto a gulu lomwelo.

Adakwatiwanso, n'kubereka ana ena asanu. Kuwerenga adaphunzira ali ndi zidzukulu kale, kusukulu ya kwacha m'zaka za m'ma 1980, ndipo chifukwa chake chidali chimodzi: adatopa kuwerengeredwa zikwangwani za mabasi.

Ife tidakula tikuwadziwa ngati agogo a kunkhalango. Boma la Ntchisi iwo ankalitchulabe Visanza, dzina lake lakale, ndipo phiri la Ntchisi ankalidziwa ngati kuseri kwa nyumba yawo, ngakhale kuti kuchokera kumudzi ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Mvula ikagwa ankanyamuka m'bandakucha ndi dengu kukafuna bowa, akugona kwa abale m'njira. Kamodzi adatitenga atatu, ine ndili sitandade 6. Amene simudalowemo m'nkhalango ya Ntchisi, musaganize za tchire la miombo lomwe mumaliona m'mbali mwa msewu. Pamwamba pa phirilo pali nkhalango yowirira, mitengo yake italiitali, zingwe za zomera zili lendelende, pansi pali chinyontho ngakhale dzuwa lili pamutu. Akuluakulu amati makolo athu Achewa ankabisala mmenemo pothawa nkhondo ya Angoni, ndipo n'chifukwa chake nkhwangwa idailemekeza. Agogo ankayenda patsogolo ndi ndodo, akutiuza bowa wodyedwa ndi wakupha, khungwa la mutu ndi muzu wa m'mimba, osatembenuka kuona ngati tikutsatira. Titafika poonekera adatiuza kuti tiyang'ane kum'mawa. Kutali, kuseri kwa zigwa, kudali mzere wonyezimira. Aka kadali koyamba kuona nyanja m'moyo wanga. Iwo adangoti, "Mwaona? Si patali. Anthu amangoopa."

Kuti si patali adali atazitsimikiza kale ndi miyendo yawo. M'chaka cha njala ya 2002 ine ndidali khanda la kumsana, choncho izi ndidazimva kwa mayi anga ndi kwa amayi ena amene adayenda nawo. Chimanga chidavuta m'minda, cha m'nkhokwe za boma chidali chitagulitsidwa, mtengo pamsika udakwera moti munthu wamba sakadaufika. Pofika Febuluwale 2002, pamene Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala, m'midzi ya ku Dowa, Ntchisi ndi Kasungu anthu adali atayamba kale kudya gaga ndi zitsa za nthochi, ena akuthyola chimanga chosakhwima kuti apange chitibu. Ziweto zinkagulitsidwa pa mtengo wa nkhuku. Maliro ankaikidwa ndi anthu owerengeka chifukwa adzukulu adalibe mphamvu zokumbira.

Agogo, omwe panthawiyo adali atadutsa zaka 60, adasonkhanitsa amayi asanu ndi atatu n'kuwauza kuti kumunsi, cha ku Mwansambo ndi kunyanja ku Nkhotakota, anthu amalima chinangwa, ndipo chinangwa sichimva za chimanga. Amuna adati n'zosatheka, njira ndi yoipa, mitsinje yadzaza, kuli akuba. Iwo adanyamula mutu wa makina aja, amayiwo adanyamula makasu ndi mbale zotsala m'nyumba. Kumeneko Agogo ankasoka pakhonde la sitolo, anzawo akugwira ganyu, malipiro ake makaka. Adayenda maulendo atatu. Ufa wake sudagawidwe pa banja pa banja monga ena ankafunira. Agogo adakana. Adati ukalowa m'nyumba udyedwa ndi amphamvu. Adauika m'nyumba mwawo, ndipo m'mawa uliwonse phala linkaphikidwa m'mapoto a maliro aja pansi pa mkuyu, ana ndi amayi oyamwitsa kuyamba, ena onse pambuyo. Adadana nawo anthu chifukwa cha lamulo limeneli, kuphatikizapo achimwene awo enieni. Mayi anga adali mmodzi wa amayi oyamwitsawo. Pamalo pomwepo lero pali sukulu ya mkombaphala.

Za uzamba ndingodutsapo. Adathandiza amayi ambiri kuchira m'nyumba masiku amene chipatala chidali kutali ndipo galimoto kudalibe. Boma litaletsa azamba kubereketsa mu 2007, ena adapitiriza mobisa. Iwo adasiya tsiku lomwelo, osati chifukwa choopa chindapusa cha mbuzi, koma chifukwa adali ataonapo amayi akutaya magazi m'manja mwawo iwo alibe chochita. Adasintha ntchito: mayi akafika mwezi wachisanu ndi chinayi ankamulondola okha kupita kuchidikiro, mwamuna wake afune asafune, n'kukhala naye komweko akumuphikira. Ulendo ndi ulendo basi, bola miyendo ikuyenda.

Nkhani imene imandiseketsa mpaka lero ndi ya ku Dzaleka. Kwa m'badwo wawo dzina limeneli silinkatchulidwa mokweza. M'nthawi ya chipani chimodzi kudali ndende ya anthu oganiziridwa kuti akuukira boma, ndipo m'zaka za m'ma 1970 a Mboni za Yehova ambiri adatsekeredwa kumeneko. Dzinalo lokha likunena: ndidzaleka. Mu 1994 malowo adasanduka msasa wa anthu othawa kwawo, ndipo lero kuli anthu oposa 50,000 ochokera ku DR Congo, Burundi, Rwanda ndi maiko ena, pamalo omwe adakonzedwera anthu ochepa kwambiri kuposa pamenepo. Anthu ambiri a m'midzi ya kwathu amangodziwa kuti kuli "Maburundi", mawu omwe timaphatikizamo aliyense. Agogo adamva kuti Lachiwiri kumakhala msika waukulu, ndipo adati akaone okha. Adanyamula nyemba ndi mbatata ya kachewere, kukwera kabaza mpaka pamsewu, kenako matola. Adabwerako ndi chapati m'pepala ndi mawu atatu a Chiswahili. Ulendo wachitatu adabwerako ndi mnzawo.

Mnzawoyo adali mayi wa ku Burundi, naye wachikulire, naye wosoka. Poyamba ankamvana ndi manja ndi ulusi. Ankasinthana mbewu, ndipo nyemba zina zomwe zikulimidwa m'mudzi mwathu lero anthu amangoti "za kwa Agogo" osadziwa kuti zidadzera kumsasa. Chikondwerero cha Tumaini chitayamba mu 2014, chomwe adayambitsa mlakatuli wa ku Congo Menes La Plume, Agogo adapitako chaka china atavala duku lawo loyera, n'kukhala kutsogolo pakati pa achinyamata a ku Lilongwe ovala magalasi akuda. Ndemanga yawo idali yakuti oimba a masiku ano amakuwa kwambiri koma a ng'oma a ku Burundi aja ndi amuna enieni. Mu 2023, boma litalamula kuti othawa kwawo onse amene ankakhala m'matauni abwerere ku Dzaleka, apolisi n'kumawanyamula pa malole, ndidawafunsa maganizo awo. Sadayankhe za malamulo. Adati, "Iwe sudagonepo pakhomo pa munthu wosamva chiyankhulo chako. Ine ndidagonapo." Pa maliro awo padabwera amayi atatu a kumsasa. Adakhala pa siwa usiku wonse pakati pa amayi a Chigwirizano, akuimba nawo nyimbo zomwe mawu ake sankawadziwa.

Zonsezi zikadalembedwa mu mbiri ya malemu anthu akadaomba m'manja. Koma pali mbali ina yomwe sikadalembedwa ngakhale pepala likadakhala lalitali bwanji, ndipo ndi imene yandilembetsa nkhaniyi.

Zaka zitatu zomaliza, Agogo adayamba kuiwala. Poyamba mayina, kenako masiku, kenako nthawi. Miyendo yokha ndi imene sidaiwale. Ankadzuka pakati pa usiku, kumanga kamtolo, n'kunyamuka kuti akukakwera sitima ku Salima. Tsiku lina adapezeka m'mamawa ali khale pafupi ndi khola la ng'ombe la munthu wina, mudzi wachitatu kuchokera kwathu, chitenje chitagwa m'njira, osadziwa dzina lawo. Achipatala ali nalo dzina la matenda amenewa, dementia, ndipo amati amagwira okalamba ambiri padziko lonse: ubongo umafooka, munthu amasokoneza usana ndi usiku, zakale zimaoneka ngati za lero. Koma kumudzi gogo akapezeka mbandakucha pakhomo pa eni, wosavala bwino, akuyankhula zosamveka, nonse mukudziwa zimene anthu amanena. Amati mafuta athera m'njira, wagwa pa lichero.

Ndipo umboni, kwa ofuna umboni, udalipo wambiri. Ankapita okha kunkhalango. Ankadziwa mizu. Adaika m'manda amuna awo ndi ana asanu mwa asanu ndi awiri aja, atatu mwa iwo m'zaka za m'ma 1990 pamene Edzi inkasesa midzi, koma iwo osafa. Ankacheza ndi alendo a ziyankhulo zachilendo. Sankaopa munthu. Zinthu zomwezo zimene ndakhala ndikuzitamanda kuyambira pamwamba pa nkhaniyi, mukangozitembenuza pang'ono, ndi mlandu wa ufiti wathunthu. Woyendayenda wa 1960 uja adasanduka wouluka.

Chidawapulumutsa m'mawa umenewo si lamulo. Mnyamata wina wa kabaza adawazindikira, n'kuima pakati pa iwo ndi gulu lomwe lidayamba kusonkhana, miyala ili kale m'manja. Adakuwa kuti awa ndi agogo amene adaperekeza mayi ake kuchidikiro. Kenako nyakwawa ya kwathu, yomwe idabadwira m'manja mwa Agogo, idaitanitsa msonkhano n'kunena kuti aliyense wotchula mawu amenewo akaonane ndi apolisi. Adali ndi ngongole ya anthu ambiri, ndipo tsiku limenelo ena adabweza. Koma ndi agogo angati amene ali ndi nyakwawa yobadwira m'manja mwawo?

Mu Januwale 2016 dziko lino lidalira Rose Chibambo, mayi amene nkhope yake ili pa K200, amene adatsekeredwa m'ndende ku Zomba mu 1959 ali ndi khanda, n'kukakhala zaka pafupifupi 30 ku Zambia atasemphana ndi Kamuzu. Adamwalira ali ndi zaka 87, ndipo adaikidwa ku Mzuzu mwaulemu waukulu. Mwezi womwewo usanathe, ku Neno anthu adapha okalamba anayi chifukwa mphenzi idapha mtsikana m'mudzimo. Mwezi umodzi, dziko limodzi. Mu Disembala 2022 ambiri a inu mudaona pa foni kanema wa ku Mzimba, amayi okalamba akuzunzidwa pamanda, akukakamizidwa kukwirira okha dzenje, anthu atazungulira akuonerera. Wina adagwira foni bwinobwino kuti chithunzi chisagwedezeke. Ife tidatumizirana, tidaika tinkhope tolira, tidadikira kanema wina.

Malamulo alipo. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kuloza munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, lomwe mabungwe ngati MANEPO adalimenyera kwa zaka zambiri. Koma lamulo limakhala ku Lilongwe, ndipo mwala umakhala pansi pomwepo. Chinanso chomwe sitikonda kuchimva n'chakuti amene amaponya mwalawo kawirikawiri si akuluakulu anzawo. Ndi ife, a zaka 19, 24, 30, ndipo nthawi zambiri ndi mdzukulu weniweni amene bizinesi yake yagwa, kapena mayeso sadayende, kapena akufuna dimba. Achinyamata omwewo amene tili ndi intaneti m'thumba, yomwe ikadatiuza m'masekondi ochepa chifukwa chake gogo amayenda usiku.

Pa maliro a Agogo ndidaona nkhope zina zomwe mudzi wonse ukudziwa zimene zinkanena zaka zitatu zapitazo. Zidali pamzere wa nkhata. Sindikuti asabwere, maliro n'kulirana. Koma zidandiwawa kuona kuti gulu la pa WhatsApp la abale lidasonkha ndalama za bokosi lonyezimira m'maola ochepa kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba, pomwe pempho la mayi anga la chaka chatha, loti tipeze munthu wogona nawo usiku n'kukonza chitseko, lidayankhidwa ndi anthu awiri. Masitetasi a "pumani mumtendere gogo wathu" adali mbwee, ena ataika chithunzi chomwe si chawo n'komwe. Timadziwa kulira ife. Mfumu yaikulu Theresa Kachindamoto ya ku Dedza itamwalira mu Ogasiti 2025, aliyense adalemba za maukwati a ana omwe idathetsa, ngati kuti tonse tidali nayo limodzi masiku amene makolo ena ankaiopseza. Mayi wolimba mtima timamukonda akagona chagada, manja atapinda.

Tsopano nkhani ija ndidati sidathe. Agogo adali ndi mnzawo wa paubwana, mmodzi wa amayi asanu ndi atatu amene adatsika nawo kunyanja mu 2002. Ana ake onse adamwalira, zidzukulu zili ku Joni ndipo sizimveka. Maso ake adachita khungu mbali imodzi, ndipo amayankhula yekha. Manong'onong'o okhudza iye adayamba kale kuposa a Agogo. Zaka zisanu zapitazo, anyamata ena atagenda denga lake usiku, Agogo adapita masana dzuwa likuswa mtengo, kunyamula mphasa ya mnzawoyo pamutu, kudutsa nayo pakati pa mudzi kuti aliyense aone, n'kukaiyala m'nyumba mwawo. Adati amene akufuna mfiti abwere adzatenge ziwiri. Kuyambira pamenepo ankagona limodzi, kudya mbale imodzi. Agogo atayamba kuiwala, gogo wakhunguyo ndi amene ankamangirira nsonga ya chitenje chake ku chitenje chawo usiku, kuti akadzuka amve.

Tsiku lometa, anthu asanabalalike, mawu adamveka kumbali ya anyamata: munthu wagona naye nyumba imodzi zaka zisanu, lero wapita, ndiye tizifunsanso kuti wamudya ndani? Munthu wa zaka zoposa 85, wodwala zaka zitatu, koma imfa yake ikufunabe mwini. Ena mwa abale akufunanso nyumbayo ndi kamunda ka kuseri, ndipo gogo uja alibe mbumba yomuyankhulira.

Amayi a Chigwirizano sadadikire msonkhano. Adatenga buku la banki mkhonde, kutsegula tsamba la kumapeto, n'kulemba mayina awiriawiri pa usiku uliwonse, oti azikagona m'nyumbamo. Mnyamata wa kabaza uja adalembetsa kuti foni yake izikhala yotsegula usiku. Makina a Singer adakali pakona pomwe ankakhala, ataphimbidwa ndi chitenje, ndipo agwirizana kuti sachoka m'nyumbamo gogoyo ali moyo. Anyakwawa aitanitsa mbali zonse pabwalo Loweruka likubwerali, ndipo apempha kuti wa polisi ya m'mudzi adzakhalepo. Sabata ino, Lachitatu ndi Lachinayi, ogona kumeneko ndi mayi anga.